Za Mawu a M'tauni: Zomwe Zikumveka ku Limbe ndi Kuzungulira

Ku saluni ina ya ku Chilomoni amayi agwirizana kuti munthu wa m'tauni ali ndi mawu osachepera atatu. Alipo a kwa abwana, alipo a kwa apongozi, ndiye pali ofewa kwambiri aja, a kwa munthu amene unamukongola ndalama. Mayi wina, tsitsi lili pakati pomangidwa, anawonjezera achinayi: a pamaliro akumudzi. Akuti kumeneko Chilomwe kapena Chisena chimene munthu wachibisa chaka chonse mu ofesi chimatuluka chokha, osachiitana. Funso limene lawavuta onse ndi lakuti mwa mawu onsewa, enieni a mwiniwake ndi ati.

Ku Ndirande, anyamata a pabawo akuseka achimwene obwera ku Joni. Munthu wangokhala ku Johannesburg nyengo imodzi ya dzinja, wabwera ndi jekete yachikopa, ndipo chiganizo chilichonse chikutha ndi "neh" kapena kuyamba ndi "eish". Anyamatawa akuti matendawa safuna chipatala. Amatha okha tsiku limene marandi atha, ndipo munthuyo akamapempha ya transipoti yobwerera ku Mangochi amapempha m'Chiyao chomveka bwino.

Madala a pabawo pomwepo sakuona chachilendo. Akukumbutsa achinyamata kuti Kamuzu Banda ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, womasulira ali pambali, ndipo kwa zaka zambiri womasulirayo anali John Tembo. Izi zinkachitika ngakhale kuti mu 1968 chipani cha Kamuzu yemweyo chinakhazikitsa Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko. Mpaka lero malamulo amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe Chingerezi. Ndiye musadabwe, akutero madalawo, kuona munthu amene amagwedeza bwalo lonse pa kampeni akufika ku Lilongwe n'kumawerenga pepala mogwagwaja, chala chili pamzere. Ine pamenepa ndimamumvera chisoni phunguyo, chifukwa nzeru ali nazo, kungoti tinamulamula kuti azisiye pakhomo.

M'maofesi a ku Ginnery Corner dandaulo ndi lina. Olemba anthu ntchito akuti makalata ofunsira ntchito masiku ano akufanana ngati mapasa. Aliyense ndi wolimbikira, aliyense amagwira bwino ntchito ndi anzake, aliyense safuna kuyang'aniridwa. Kale ankakoperana pa intaneti kafe, pano foni ikumawalembera. Mphekesera ikuti wina anatumiza kalata yokongola kwambiri, koma pansi anaiwala kufufuta dzina la mnzake amene anamubwereka. Ofunsira ntchitowo nawo ali ndi yankho lawo: ukalemba mmene umalankhulira amati sunaphunzire, ukalemba mmene amafunira amati wakopera.

Nkhani imene yandisangalatsa kwambiri ndi ya mayi wogulitsa kaunjika mu msika wa Limbe. Mwana wake wa ku koleji anamuuza kuti bizinesi yamakono imafuna kutsatsa mwaulemu, choncho anamulembera mauthenga a Chingerezi pa WhatsApp, okhala ndi timaluwa ndi timitima. Anthu ankangowaona n'kudutsa. Tsiku lina mayiyo atatsegula belo, mwana kulibe, anangogwira foni n'kujambula mawu ake. Ananena kuti belo ili lamupweteka, theka ndi majuzi a ana pomwe kunja kukutentha, koma muli madiresi angapo abwino, lina zipi yake ndi yofa ndipo autsitsa mtengo. Kumbuyo kukumveka wailesi ya mnzake ndi munthu wogulitsa mafiriziesi. Akuti dzuwa lisanapendeke madiresi aja anali atatha, la zipi yofa lija n'kukhala loyamba kupita.

Anzake a pamsikapo akuti palibe matsenga apa. Chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kasitomala sakufunanso kunyengereredwa. Akufuna amve kuti chinthucho chili ndi vuto lanji asanatulutse ndalama yake ya pa Mpamba kapena Airtel Money. Wogulitsa amene wayamba yekha kutchula chilema cha katundu wake, anthu amamukhulupirira pa zinazo. Koma chenjezo lilipo: ena ayamba kale kutengera mayi uja, moti tsopano aliyense belo lake "lamupweteka", ngakhale amene sanatsegule belo.

Kumalo omwera ku Zingwangwa mkangano wafika kwa oimba. Gulu lina likudzudzula anyamata amene akuimba ngati anabadwira ku Lagos kapena ku Soweto, ndipo chitsanzo chawo ndi agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Iwo anaimba m'njira yawoyawo zaka zonsezi, ndipo atajambula limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimbo ya "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok mpaka kumayiko kumene Chichewa sachimva n'komwe. Gulu linalo likuvomera, koma likufunsa kuti kodi mnyamata wa lendi ya nyumba ku Bangwe adikire mpaka zaka 90 kuti dziko limumve? Pamenepo ngakhale okonda agogowo anayamba kuyang'ana m'mabotolo awo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene tauni yonse yavomereza kuti sasintha mawu: woitanira minibasi pa depoti ya Limbe. Kwa bwana wa tayi, kwa abusa, kwa mwana wa sukulu, liwu lake ndi lomwelo, ndipo uthenga ndi umodzi, wakuti watsala munthu mmodzi kuti galimoto inyamuke. Mukakwera mupeza muli anthu atatu, awiri mwa iwo ndi anzake ongodzazitsa mipando.