Kazitape wa ku Chilobwe

Akazitape a m'mafilimu ndi anthu aukhondo. James Bond amamenyana ndi zigawenga pamwamba pa sitima, kenako n'kutsika tayi ili m'malo mwake. Ine kungochoka pakhomo nthawi ya dzinja kukafika pa siteji ya Chilobwe, matope amakhala atafika m'mawondo. Choncho sindinaganizepo kuti ntchitoyi ingandiyenere, kufikira pamene mwana wa achemwali anabwera ndi laputopu n'kunena kuti, "Malume, bwerani mudzaone m'bale wanu."

M'bale wangayo anali Pierre Richard, mu filimu ya Chifalansa ya mu 1972 yotchedwa Le Grand Blond avec une chaussure noire, imene anaitsogolera Yves Robert. Chifalansa changa chinathera pa geti la French Cultural Centre ku Chichiri, komwe ndinkapita kukavina osati kukaphunzira, ndiye mnyamatayo ankamasulira, ine n'kumaseka mochedwa.

Nkhani yake ndi ya mabwana awiri a ukazitape olimbirana mpando. Wamkulu, Toulouse, akufuna kutchera msampha wachiwiri wake, Milan. Atuma munthu ku bwalo la ndege la Orly kuti akasankhe aliyense pagulu n'kumulandira ngati kazitape woopsa. Wotumidwayo asankha François Perrin, woimba vayolini, chifukwa chakuti wavala nsapato imodzi yakuda, inayo yofiirira. Basi. Anyamata a Milan ayamba kumulondola, kubisa timamaikolofoni m'nyumba mwake, kufufuza chifukwa chomwe wapitira kwa dokotala wa mano. Ngakhale kugejemula madzi kuchimbudzi akuti ndi uthenga wachinsinsi. Amutumizira mpaka mkazi wokongola, Mireille Darc, atavala diresi yakuda yosiya msana wonse pamtunda, moti apa ndinauza mnyamata uja kuti ayang'ane kumbali. Anthu akuwomberana kumbuyo kwake, mwini wake sakudziwa kanthu. Kupusa kwake konse iwo akukuona ngati ukatswiri. Ndinati mumtima, bwenzi kwathu kuno kukanakhala anthu ondimvetsa chonchi.

Sipanatenge nthawi. Nsapato zanga ndi za pa kaunjika ku Limbe, ndipo tsiku lina magetsi atazima ndinavala zosiyana mofufuza ndi phazi pansi pa bedi. Madzulo ndinakakhala pomwe madoda amasewera bawo, ndili ndi kope langa ndi bolopeni. Ndinaona nkhani ya mitengo ya feteleza ikuzilala. Mdala wina anayang'ana kuphazi kwanga, n'kuyang'ana kope, n'kutsokomola. Amene ankanyoza boma mokweza anayamba mwadzidzidzi kuyamikira misewu.

Musawaseke madodawa. Anakula nthawi ya Kamuzu, pamene mlendo wachete m'bala ankatha kukhala wa Special Branch kapena wa Payoniya, ndipo nthabwala imodzi inkakwanira kuti munthu asagone kwawo. Jack Mapanje anamugwira mu 1987 n'kukamusunga ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu. Mantha amenewo sanathe ndi referendamu ya 1993, anangokhala pansi n'kuyamba kusewera bawo. Afalansa anatha kuseka akazitape awo mu 1972. Kuno chaka chimenecho wosekayo akanaseka ali mu Land Rover.

Munthu wanzeru akanafotokoza za magetsi. Ine ndinaona kuti kwa nthawi yoyamba chibadwire anthu akundipatsa mpando wokhala ndi miyendo inayi yonse. Mawa lake nsapato zija ndinazivala dala. Ndinagulanso magalasi akuda pa msika, aja amakuchititsa kuponda m'ngalande dzuwa likangolowa. Ndinkaima pakona, foni ili kukhutu, n'kumati, "Ndafika. Onse alipo." M'fonimo munalibe mayunitsi ngakhale a fulashi.

Zinthu zinayenda. Wakabaza ankati, "Kwerani bwana, za ndalama tidzaona." Wachiwaya ankandiikira tchipisi ndi kachidutswa ka nyama pamwamba, osatambasula dzanja. Mnyamata wina yemwe amakonda kundiitana kuti "madala" anayamba kunena "akuluakulu". Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, kuyang'ana phiri la Soche ngati ndinalisiya m'manja mwa munthu.

Chimene Yves Robert sanachidziwe n'chakuti akazitape enieni alibe maikolofoni, ali ndi zidebe. Pa kiyosiki ya madzi, pofika sikisi koloko m'mawa, amayi amakhala atamaliza kale kafukufuku wa yemwe wagona kuti, wadya ndiwo zanji, ndi yemwe wabwera usiku akuimba. Nkhani yanga inawatengera nthawi yodzaza chidebe chimodzi. Mayi a kunyumba, atafunsidwa ngati amuna awo alowadi ntchito yaboma yachinsinsi, akuti anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anakatenga kope lija m'thumba la jekete n'kupita nalo ku msonkhano wa banki m'khonde.

Zinsinsi za dziko zinawerengedwa pagulu. Tsamba loyamba: lendi ya miyezi yapita. Lachiwiri: wamakala. Lachitatu: katapila, ndi chiwongoladzanja chake. Lachinayi linali ndi manambala a mpira omwe ndinabetcha, onse olakwika, ndipo akuti apa ndi pomwe amayi ena anagwetsa misozi.

Ndinapempha kuti nkhaniyi ikambidwe m'nyumba.

"Abambo," anatero mayi, "kazitape amene sadziwa kuti mchere unatha Lolemba?"

Mu filimu muja Perrin amathera pa ulendo wa ku Rio ndi mkazi wa diresi uja, ndipo anthu anaikonda moti mu 1974 anapanga yachiwiri, Amereka nawo n'kupanga yawo mu 1985 ndi Tom Hanks. Yanga yachiwiri inachitikira pa chiwaya. Ndinafika ndavula magalasi, nsapato zofanana, n'kupempha tchipisi za ndalama zochepa. Wachiwaya uja anapukuta manja pa epuloni, n'kutulutsa kope lake pansi pa tebulo. Analemba zonse: tsiku, mbale, nyama, ngakhale tsabola. Wakabaza naye anali ataima kumbuyo kwanga, injini ikulira.

"Bwana," anatero wachiwaya, "ku likulu kuja malipiro amatuluka pa deti yanji?"