Malayini awiri, ofesi imodzi

Ku Nsaru, ofesi ina ya alimi inagula rauta yolowa masimu awiri, wa TNM ndi wa Airtel. Mnyamata woilumikiza anati kabokosiko kazigawa katundu wa intaneti mofanana kuti layini imodzi isalemedwe. Mesenjala anatuluka mwakachetechete n'kubwera ndi sikelo ya soya. "Yezerani pa yathuyi, achimwene. Mukatengera ya mavenda, layini inayo iberedwa makilo awiri."

Tithamangire ku Kabudula. Agogo ena obwera kudzasainitsa fomu anamva zoti kabokosi kamodzi kali ndi malayini awiri ndipo sikakondera. Anakayang'anitsitsa, kenako anapukusa mutu. "Mwana wanga, ine mitala ndakhala nayo zaka 30. Usanamizidwe. Kafunse bwino kuti dzulo kanagona kuti."

Pa Namitete, akalipentala ogulitsa mipando pa WhatsApp anauza mlonda wawo kuti asamade nkhawa, layini imodzi ikafa inzake imanyamula ntchito yonse. Usiku kagetsi kamodzi pa rauta kanazima. M'mawa abwana anapeza mlonda wakhala pansi, chipewa chili m'manja. "Pepani bwana, yatisiya cha m'ma 2 koloko. Amfumu ndawauza kale, adzukulu akubwera ndi makasu."

Abwana a ku Mpingu ndiye ankafuna liwiro. Anadandaula kuti malayini ndi awiri koma kalata yawo ikuyendabe ngati kale. Katswiri anawauza kuti kabokosiko kamagawa anthu a mu ofesi, ena uku ena uko, koma fayilo imodzi imadutsa njira imodzi basi. Abwana anagwedeza mutu kusonyeza kuti amva, n'kuitanitsa sizasi. Kalata ija anaidula pakati. "Sekilitale, mutuwu upite pa TNM. Siginecha idzere ku Airtel, akakumana ku Lilongwe."

Starlink itafika m'Malawi mu 2023, ofesi ina ya ku Nambuma inaiwonjezera kuti ikhale layini yachitatu. Mbale yake yafulati ija anaiika pabwalo, poyera, kuti iziona kumwamba. Lachiwiri intaneti inayamba kutsimphina. Atatuluka anapeza mbale yonse yadzaza mfutso. Amayi osesa sanachite n'komwe manyazi. "Munati zonse zizigawana ntchito. Iyi ndimangoiona ikuothera dzuwa."

Kalaliki wa ofesi yomweyo anaitanidwa chifukwa mabandulo a mwezi wathunthu anatha pa 10. Anafunsidwa ngati ndi iye wakhala akuonera mpira pa kompyuta ya ofesi. "Ine ndinangoonera chigawo choyamba, bwana. Chachiwiricho mufunse layini inayo."

Tsiku lina alendo ochokera ku likulu anabwera, ndipo wapampando anaimirira kudzitama. "Kuno intaneti siingathe. Ikagwa iyi, ilipo iyi, ikagwanso iyi, ilipo ya kumwamba." Asanakhale pansi, magetsi thi! Kabokosi zii. Msungichuma anasuzumira kuseri kwa kabati. "Apampando, atatu onsewa amadyera soketi imodzi."