Kachipande ka therere kofuna sitampa

Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, anatero akuluakulu. Koma iwo ankanena za ndiwo, zoti mwana athamange nazo kwa aneba, zikadyedwa nkhani yatha. Sankadziwa kuti ku Britain kachipandeko kadzalowa mu envulopu n'kumafuna sitampa.

Anatiputira zonsezi ndi a Henry Cole a ku London. Kuyambira 1840 kutumiza kalata kunatsika mtengo kufika pa peni imodzi, ndiye aliyense anayamba kulemba. Pofika Khirisimasi ya 1843 makalata anawachulukira a Cole, pomwe kusayankha kunali mwano. Anapempha katswiri wojambula, John Callcott Horsley, kuti awakonzere khadi loti azingosainapo. Anasindikiza makhadi 1,000, otsala n'kugulitsa pa shileni imodzi. Munthu ankathawa ntchito, koma anasiyira dziko lonse thangata.

Funsani Amalawi okhala ku Manchester. Aneba amene chaka chonse mumangopatsana moni wa pakhosi, Disembala ikangolowa amakuponyerani khadi pachitseko. Basi, ngongole yayamba. Kuti mubweze pafunika dzina lawo, koma siginecha yake ngakhale dokotala sangaiwerenge. Mumayamba kufufuza mwakachetechete ngati ali a Brian kapena a Ryan, ndiponso ngati galu wawo, amene nayenso wasainidwa m'khadimo, ayenera kupatsidwa moni.

Ena amasunga ndandanda: amene sanabweze chaka chatha amafufutidwa. Choipa n'choti wofufutidwayo ndi amene amatumiza khadi lake pa 23 Disembala, tsiku lomaliza lotumizira makalata limene a positi a Royal Mail analengeza litadutsa kale. Mumalowa chaka chatsopano muli ndi mlandu.

Ndiye pali makhadi opita kumudzi. Mumasankha lokongola, la chithunzi cha chipale chofewa, kutumizira anthu amene ali kalikiliki kupalira chimanga. Adiresi ndi bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, choncho khadi limayamba lagona m'dirowa ya aphunzitsi aakulu mpaka sukulu zitatsegulira. Likafika, amalume amang'amba envulopu mosamala, kutambasula khadilo, kulikutumula, kusuzumiranso mu envulopumo. Kenaka amaitana mdzukulu kuti awaimbire pa WhatsApp.

"Mphwanga, kalata yako taiona, yokongola ndithu. Koma zikuoneka ngati a positi aitsegula m'njira."