Kodi Nyundo ya M'foni Amakakonzetsa Kuti?

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali Fomu 2, watha masabata atatu akujambula munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndine. Amajambulira pa foni ya mayi ake, ija yong'aluka pakona. Akadina pakati pa galasi, ine wa m'fonimo ndimaoneka nditakhala pabenchi langa kumsika wa Ndirande, ndimakweza nyundo, n'kuitsitsa palata, latalo n'kupindika. Zonse zimatha m'masekondi 8.

Tsiku loyamba kuziona ndinamufunsa kuti, "Iwe, kanema ameneyu wandijambula liti, poti kumsika sunabwere?"

"Agogo, si wa kamera ayi. Ndachita kujambula ndi chala, chithunzi chimodzichimodzi."

"Zilipo zingati?"

"Zilipo 96."

Ndinasiya kumwa tiyi. Zithunzi 96 kuti munthu angomenya lata kanayi? Anandifotokozera kuti diso limapusitsika zithunzi zikamadutsa mothamanga. Kanema wamba amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, koma ojambula makatuni pamanja nthawi zambiri amajambula 12, chilichonse n'kuonekera kawiri. Ndinawerengetsa ngati mmene ndimawerengetsera malata: mphindi imodzi ndiye kuti zithunzi 720. Kodi alipo amene amauza ana zimenezi asanayambe? Nanga katuni ya theka la ola imene ana amaonera ku vidiyo sho atalipira ndalama yachitsulo, anthu ake anaijambula kwa zaka zingati?

Kenaka ndinakumbukira kuti masewerawa ndimawadziwa. Tili ku pulayimale tinkajambula kamunthu pakona ya kope, tsamba lililonse mwendo n'kusuntha pang'ono, ndipo tikafukuza masambawo ndi chala chachikulu kamunthuko kankathamanga. Mdzukulu wanga anandiwerengera pafoni pomwepo kuti Mngelezi wina, John Barnes Linnett, analembetsa kabuku kotere kuboma m'chaka cha 1868, ndi kuti mu 1908 Émile Cohl wa ku France anajambula zithunzi pafupifupi 700 n'kupanga Fantasmagorie, kanema wosakwana mphindi ziwiri. Ndiye kuti foniyi yangolowa m'malo mwa kope? Iye anati inde, koma yawonjezera chinthu chimodzi chimene kope silikanatha.

Anandionetsa. Akatsegula tsamba latsopano, chithunzi chimene wangomaliza sichichoka. Chimatsala chozilala, ngati chidindo cha chikho chonyowa patebulo. Mkono wanga wakale umaoneka mwa chizimezime, iye n'kujambula watsopano pamwamba pake pang'ono. Amati onion skin, ndiye kuti khoko la anyezi, chifukwa limaonetsa za kuseri. Ine ndikamadula malata a ndowa khumi ndimayika chodulira chakale pamwamba pa lata latsopano n'kulemba mzere ndi msomali. Apa ndinamvetsa msanga, ndipo amene anaganiza zimenezi ndimamulemekeza. Ameneyo ndi mmisiri.

Chimene sindinamvetse n'chakuti m'fonimo muli mapulogalamu atatu a ntchito imodzi. Anawa amati ma app. Atatu onse achitirenji, foni ikudandaula kale kuti malo atha?

Anati FlipaClip, imene abale a banja la Meson anaitulutsa mu 2012 ku Miami, ndiyo yosavuta. Umatsegula n'kuyamba, masamba ako amandandalikana m'munsi ngati zovala pachingwe, ndipo umatha kujambuliramo mawu. Koma akafuna kupenta bwino, kuti dzimbiri la palata lioneke ngati dzimbiri, amapita ku ibisPaint X ya ku Japan, imene ili ndi maburashi ambirimbiri. Imeneyo inayamba ngati yojambulira zithunzi zosayenda, ndipo zoyendetsa zithunzi anaziwonjezera pambuyo pake, mu 2023. Yachitatu, Stick Nodes, ndi ya mlongo wake. M'menemo sujambula mobwereza: umapanga kamunthu ka timitengo, n'kumangopinda mawondo ndi zigongono. Anyamata amaikonda pomenyanitsa tianthu tawo. Inandikumbutsa magalimoto a mawaya amene tinkapinda tili ana, koma mdzukulu wanga amati kumeneko si kujambula, n'kuvinitsa chidole.

Nanenso nyundo ndili nazo zitatu, ndiye sindingadabwe kwambiri. Komabe nyundo zanga zimagwira lata limodzi pabenchi limodzi. Iye akapenta phiri la Ndirande uku, ayenera kulisunga, kutuluka, kutsegula kwina n'kukalitenganso. Kodi opanga zinthuzi amalankhulana? Kodi n'chifukwa chiyani ya maburashi abwino ndi ina, yoyala masamba bwino ndi inanso?

Ndinafunsa ngati kulibe imodzi yokwanira zonse. Anatchula RoughAnimator, imene anaipanga ndi wojambula makatuni, Jacob Kafka. Imeneyo umagula kamodzi basi, ndipo ilibe zotsatsa malonda. Kugula kamodzi ndiye malonda amene ine ndimawadziwa. Ndinapisa m'thumba. Iye anapukusa mutu: mtengo wake umayendera dola, ndipo foni imapempha nambala ya khadi la kubanki. M'nyumba mwathu ndalama zimayenda pa Mpamba ndi pa Airtel Money. Dolayo nayo inakwera mutu kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anatchulanso Procreate Dreams ya ku Australia, imene inatuluka mwezi womwewo, koma imeneyo imagwira pa iPad pokha. Mumsika monse muno, kuyambira kwa osoka mipando mpaka kwa ogulitsa zitsulo za galimoto, mafoni amene ndimaona m'manja mwa anthu ndi ma Itel ndi ma Tecno. Kodi sizingatheke kuti mwana azilipira pang'onopang'ono mu makwacha, pa sabata, ngati mmene timagulira bandulo?

Ndiye ana amatenga zaulere. Koma zaulerezo amalipira ndani? Ndaona kuti amalipira ndi maso komanso ndi bandulo. Kuti maburashi ena atseguke kwa maola angapo, amayamba waonera kanema wotsatsa malonda, ndipo kanemayo amadya data ya mayi ake. Pa FlipaClip yaulere anandionetsa kuti amaloledwa mapepala oonekera atatu okha osanjikiza, amene amati ma layer: lina la kumbuyo, lina la thupi langa, lina la mkono ndi nyundo. Lata silinapeze pepala lakelake, ndiye analiphatikiza ndi nyundo. Katuni ikatha, pakona pamatuluka chizindikiro cha kampaniyo. Opangawo nawonso ali ndi ana ofuna kudya, zimenezo sinditsutsa, ndipo apatsa mdzukulu wanga chida chimene ine sindikanamugulira. Ndikungofunsa: pa ndowa yanga pamakhala dzina la amene anasula nyundo, kapena la amene anakhoma ndowayo?

Tsopano za chala. Madzulo ena ndinakhala pambali pake n'kumaonerera. Ankafuna kujambula diso langa, koma chala chake chinkaphimba malo omwe akujambulawo. Amakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri mpaka diso kudzaza galasi lonse, n'kulemba mzere, n'kuchepetsa kuti aone, n'kupeza kuti diso lapita kukhutu. Anafufuta kasanu ndi kawiri. Ndinafunsa kuti bwanji osagwiritsa ntchito kamtengo kosongoka. Anati galasi silimva mtengo, limamva timagetsi ta m'thupi la munthu, ndiye chokhudza galasicho chiyenera kudutsitsa magetsi kuchokera kudzanja.

Apa ndiye panafika pa ntchito yanga. M'mawa mwake ndinatenga eriyo ya wailesi yakufa, n'kudula kachigawo kotalika ngati bolopeni, n'kupala m'mphepete ndi tupa kuti kasakande galasi. Kunsonga ndinatsendera thonje, n'kulisiya litatuluka pang'ono ngati mutu wa machesi. Analinyowetsa ndi kadontho ka madzi, n'kugwira chitsulocho ndi dzanja, n'kukhudza galasi. Mzere unatuluka. Anakuwa mpaka mayi ake anathamanga kuchokera pambaula. Komabe thonje limauma, ndipo mzere wake ndi umodzimodzi kaya wasindikiza kaya wangokhudza, pamene zolembera zodula ngati Apple Pencil kapena S Pen ya Samsung zimamva kulemera kwa dzanja. Ndiye ndimafunsa: poti ana ambiri padziko pano ali ndi chala chokha, bwanji pulogalamu iliyonse isamaonetse kawindo kakang'ono pamwamba, koonetsa zimene chala chaphimba? Bwanji mabatani asathawe okha mwana akayamba kulemba mzere?

Chinandipweteka kwambiri chinachitika Lachisanu lina. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, batire ili pafupi kutha, iye akuthamangira kumaliza. Foni inazima asanatuluke m'pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito tsikulo. Magetsi atabwera usiku, zithunzi 20 za masana onse kunalibe. Sanalire mokweza. Anangoika foni pansi n'kupita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Ine lata ndikalipinda, lapindika, ngakhale mvula indithamangitse pabenchi. Kodi n'zovuta bwanji kuti mzere uliwonse uzisungika nthawi yomweyo pamene walembedwa? Kodi amene amapanga zinthuzi anakhalapo m'nyumba imene foni imodzi ndi ya anthu asanu, ndipo mwini wake akhoza kuilanda pakati pa ntchito chifukwa kasitomala akuimba?

Palinso chilankhulo. Mabatani onse a m'foni ija ndi a Chingerezi. Mdzukulu wanga amawamva, koma mng'ono wake wa Sitandade 4, amene amajambula agalu okongola m'dothi, amangodina mwamwayi. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014. Nanga mawu ochepa awa oti sunga, fufuta, bwerera, tsamba lina, alephera chiyani?

Pa zimenezi mwanayu anandiphunzitsa chinthu chimene sindinachiganizirepo chibadwire. Ankafuna kuti ine wa m'katuni ndiziitanira malonda. Anadzifunditsa bulangete kuti phokoso la ma minibasi lisalowe, n'kujambula mawu. Pojambula milomo anapeza kuti m'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Milomo isanu, kuwonjezera umodzi wotseka wa m, b ndi p, ndiye kuti munthu walankhula. Anaijambula kamodzi n'kumangoikopera. Bwanji osakhala ndi kabokosi kosungira milomo isanu ndi umodzi imeneyi, mwana akalemba kuti "mbaula", milomo n'kudzindandalika yokha?

Mpini wa nyundo ukandikulira ndimaupala. Sizasi ya malata ikabuntha ndimanola, ikandikanika ndimapita nayo kwa mnzanga wa makina. Pulogalamu ikakhala kuti sikugwirizana ndi dzanja la mwana wa ku Goliyo kapena ku Malabada, amapita nayo kwa yani? Mdzukulu wanga anati m'munsi muli polemba madandaulo, umapereka nyenyezi. Kodi amawerenga ndani, ndipo akalemba m'Chichewa adzamva? Anandiuzanso za Krita, pulogalamu yaulere imene mkati mwake ndi motsegula, moti aliyense wodziwa akhoza kuisintha ngakhale kuimasulira. Koma anaikonzera makompyuta ndi matabuleti, pa galasi laling'ono mabatani ake amapanikizana. Kuchoka pano kukafika ku Ginnery Corner si patali, ndipo pamenepo pali MUBAS, imene ife timaitchabe Poly, kumene achinyamata amaphunzira za makompyuta. Kodi wina mwa iwo sangakwere minibasi, n'kudzakhala pakhonde pathu madzulo amodzi, aone mmene chala cha mwanayu chikuvutikira?

Ojambula ife tinali nawo kale. Loweruka tinkalandirana Malawi News kuti tione zimene Pewani wa Brian Hara wachita sabata imeneyo. Pewani sankayenda, koma tinkamuona ngati mnansi. Tsidya linalo la Mchinji, mayi wina wa ku Zambia, Malenga Mulendema, anayambitsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a ku Lusaka, ndipo Netflix inayamba kuionetsa mu Julayi 2023. Imeneyo anaipanga ndi makompyuta akuluakulu ndiponso anthu ambiri, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Ine sindikupempha zazikulu choncho. Ndikufunsa za foni imodzi, chala chimodzi, ndi bandulo ya tsiku limodzi.

Dzulo anandionetsanso katuni ija, atabwezeretsa zithunzi zinatayika zija. Ndinaiona katatu, kenaka ndinati, "Iwe, nyundoyi ikutsika ngati ikuopa lata. Nyundo imakwera pang'onopang'ono, koma potsika siicheuka."

Anandiyang'ana, n'kubwerera ku masamba ake. Potsika panali zithunzi zisanu ndi chimodzi. Anachotsapo zinayi, n'kudina.

"Agogo, taonani tsopano."

Nyundo inagwa, ndipo ndinamva phewa langa likugwedezeka. Ndinamufunsa kuti m'pulogalamumo muli pena pamene pamauza mwana kuti achotse zinayi. Anati palibe. Kenaka anandipempha kuti Loweruka abwere kumsika adzaone mmene ndimapindira mlomo wa ndowa, ndiponso kuti ndimudulire eriyo ina, yopyapyala kuposa yoyamba ija.