Chotsani Foni Patebulopo, Adzukulu Inu

Khalani pansi nonse, ndipo iwe wa mahedifoni utseke pakamwa, utsegule makutu. Mlandu wanu ndauzenga ndekha usiku wathawu, ndipo mwapezeka olakwa nonse. Mukujambula ma hologram mosavutika, manja ali osalala ngati simunagwirepo kanthu, kenaka n'kumandidandaulira kuti sayansi njovuta.

Njovuta? Dennis Gabor anatulukira nzeru imeneyi mu 1947 ali ku Rugby, ku England, laser kulibe. Ankasefa kuwala kwa nyale ya mercury pakabowo, zithunzi n'kumatuluka zachimbuuzi. Laser inabwera mu 1960, Emmett Leith ndi Juris Upatnieks a ku Michigan anaonetsa kasitima kawo kachidole mu 1964, ndipo mphotho ya Nobel inam'peza Gabor mu 1971. Zaka 24 bambo akudikira! Inu intaneti ikangozengereza pang'ono mumayamba kutukwana kampani ya foni.

Ife tinkajambula pa magalasi opaka siliva, otsukidwa mumdima kuchoka beseni ili kupita beseni ilo, kapena pa jeletini wothira dichromate. Ufa umenewo ngwa olenji, wokongola ndithu, koma chromium yake ndi ija yodyetsa zilonda pakhungu ndi m'mphuno, yoyambitsa khansa ya m'mapapo. Zithunzi zake zinkawala mochititsa kaso, inde, koma ukapanda kumata galasi lina pamwamba, chinyezi chinkafufuta zonse. Kenaka kunabwera pulasitiki ya acrylamide, yodzikhwimira yokha kuwala kukaigunda, yosafuna beseni. Tinavina. Osadziwa kuti mlendo wabwera ndi kalumo kakuthwa: acrylamide imalowa pakhungu, imawononga mitsempha, ndipo mu 1994 bungwe la IARC linaiika m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa mwa anthu.

Iwe mkazi wanga wamng'onowe, wophunzira kunjawe, tandiuza zimene zimachitika m'kagalasi kako kaja. Wangoti kukamwa yasa? Mvera. Kuwala kwa laser umakugawa pawiri, n'kukukumanitsanso pa pulasitikiyo. Pokumanapo pamabadwa mizere, wowala, wamdima, wowala, wamdima. Utoto uli m'katimo, kaya erythrosine wa kuwala kobiriwira kaya methylene blue wa kofiira, umameza kuwalako n'kudzutsa triethanolamine, ndipo tizidutswa ta acrylamide timayamba kulumikizana m'maunyolo pamzere wowala pokhapo. Tikatha pamenepo, tina timasamuka kuchokera mumdima kudzadzaza malo. Nchimodzimodzi kuunga mizere kumunda: dothi umalikoka kuchokera pakati n'kuliunjika pamzere, ngakhale kuti inu khasu mumaliona pa Facebook pokha. Ukazima laser, mizere ija yatsala m'pulasitiki, ndipo kuwala kulikonse kodutsapo kumapatuka njira. Grating yanu ija ndi imeneyo, palibe matsenga.

Tsono pofika nthawi yanu anthu akuchitirani chifundo chosayenera. Ku Dublin, ku Ireland, anachotsamo acrylamide n'kuikamo diacetone acrylamide, yopanda ukali wambiri. Kachidutswa kake nkolemerako, 169 pamene kakale kaja ndi 71, ndiye kamayenda mwaulemu, mosathamanga. Pofuna mizere yothinana kwambiri anawonjezamo glycerol ndi citric acid, asidi wa m'mandimu, kuti maunyolo asatalike n'kudumphira mzere wa eni. Ku Alicante, ku Spain, anachita kunyanya: pulasitiki yawo ya Biophotopol ili ndi sodium acrylate, ndipo utoto wake ndi riboflavin. Vitamini B2! Ife tinkanunkha mankhwala mpaka agogo anu aakazi kutiletsa kulowa m'nyumba tisanasambe, inu mukujambula ndi vitamini. Kodi dzikoli likupita kuti?

Musandione tsinya, zimenezo nzabwino, ndipo amene anazikonza ndikadawagulira mbuzi. Chinthu chikamapita kufakitale, chimagwiridwa ndi anthu ambirimbiri amene sanafunsidwe ngati akufuna kudwala, ndipo zotsala zake zimathera m'madzi. Pamenepo sindikangana nanu.

Mlandu weniweni ndi uwu: simutha kukhala phee. Mankhwala afewa koma kuwala sikunasinthe khalidwe. Mukajambula mizere 1,000 pa milimita imodzi, ndiye kuti m'kunenepa kwa tsitsi limodzi mukulowa mizere makumi angapo. Tebulo likagwedezeka theka la mtunda wa pakati pa mzere ndi unzake, kuwala kumagwera pomwe panali mdima, zonse n'kusakanikirana, pulasitiki n'kukhwima yopanda kanthu. Akale ankadzaza mchenga m'bokosi, n'kulikhazika pa machubu a matayala kuti lisamve kunjenjemera kwa pansi, eni ake ataima chilili, mpweya atabanika, osatsokomola. Inu muli ndi tebulo lodula loyandama pampweya, koma mumalitsamira ndi chigongono, foni ili pompo ikunjenjemera ndi mauthenga a chibwenzi, fani ikupemerera, wina akutafuna chingamu. Zikakanika mumati mankhwala atsopanowa ngofooka. Wofooka ndani?

Nanga kuumitsa? Madzi opangira pulasitikiyo amathiridwa pagalasi loikidwa mowongoka bwino, n'kusiyidwa mumdima usana ndi usiku kuti aume okha. Iwe ndinakumva ukufunsa ngati ungagwiritse chowumitsira tsitsi. Ndinangoyang'ana kumwamba.

China, mawu akuti poizoni wochepa mwawamva ngati akuti ndiwo zamasamba. M'zosakaniza zambiri mukadali bisacrylamide womangirira maunyolo, ndiye magolovesi valani. Laser nayo sinalape: ikalowa m'diso imatentha m'kati mwenimweni, kumene dokotala sangasoke. Magalasi otchinga maso aja si ovala pachipumi pojambulitsa chithunzi.

Chimene chimandithetsa nzeru n'chakuti acrylamide mwaithamangitsa mu labotale, n'kukaigula pamsewu. Mu 2002 akatswiri a ku Sweden anapeza kuti imadzipanga yokha mbatatesi ikakazingidwa pamoto woposa madigiri 120. Ndiye mumavula magolovesi mwaulemu wonse, n'kulunjika pachiwaya kukaitanitsa tchipisi chopsereratu.

Chilango chanu nachi. Ndamva kuti pulasitiki imeneyi ikayamwa chinyezi imafufuma, mizere n'kutalikirana, hologram n'kusintha mtundu kulowera kofiira. Mundikonzere kamodzi koteroko ndikapachike m'chipinda chosungira matumba a chimanga, ndizidziwa chinyezi chuku chisanalowe. Foni zonse muzisiya m'dengu pakhomo mpaka ntchitoyo ithe. Ndipo tchipisi mwabisa m'jumbocho bweretsani kuno, ndichiyese ndekha.