Kandimverere Walowa M'foni

Agogo anga aakazi sankadziwa kuwerenga, koma makalata ankalandira. Agogo aamuna anali ku migodi ku Joni, ndipo mnyamata wina wa pamudzi, amene analekezera sitandade 4, ndiye ankatumidwa kukatenga kalata ku positi n'kudzawawerengera pakhonde. Ankawerenga mokweza, mosadodoma: moni wonse, za chisanu cha ku Joni, za chifuwa chimene chinawagwira m'mwezi wa June, mpaka pa "ndatha ine mwamuna wako." Mzere umodzi wokha ndi umene maso ake ankaulumpha mwaluso, uja wonena kuti mu envulopumo muli ndalama zingati. Zinaululika patatha zaka ziwiri, agogo aamuna atabwerako n'kupempha kuti akaone mbuzi zawo zisanu ndi imodzi. M'kholamo anapezamo nkhuku. Agogo aakazi akamakamba nkhaniyi ankaitsekera ndi mwambi umodzimodzi: kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ife a lero timayesa kuti kandimverere tinamuika m'manda tsiku limene tinagula foni. Ndikalemba uthenga ndili ku Lilongwe, wa ku Blantyre amaulandira ndisanaphethire, ndiye wapakati alowera pati? Alipo, ndipo sali yekha. Uthengawo umadutsa pa Wi-Fi ya pamalo odyera, pa nsanja ya netiweki, m'mawaya a pansi pa nyanja, m'makompyuta a anthu amene simudzawaona mpaka kufa, kenako n'kubwerera kuno. Aliyense wa amenewa ndi mnyamata wa sitandade 4 envulopu ili m'manja.

Akatswiri anaziona izi kalekale. Kampani ya Netscape inatulutsa njira yotchedwa SSL mu 1995, ndipo mu 1999 njirayi inakonzedwanso n'kupatsidwa dzina loti TLS, limene likumvekabe mpaka pano. Ntchito zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusokoneza zilembo kuti wapanjira akasuzumira angoona phala. Yachiwiri ndi kufunsa kuti, "Kodi ndikulankhula ndi yani?" Yoyambayo aliyense amaikonda. Yachiwiriyo ndi imene timaitukwana, chifukwa ndiyo imatulutsa machenjezo nthawi imene tili pa changu. Koma kunong'ona kuli ndi phindu lanji ngati khutu limene mwaligwira mumdimamo ndi la munthu wina? Mwanong'ona bwino ndithu, palibe wamva, kupatula wakubayo.

Pofuna kudziwa mwini khutu, foni imauza seva, kompyuta imene ikulankhula nayo, kuti ionetse satifiketi. Muiyerekeze ndi kalata ya amfumu ija timapita nayo ku boma. Foni imaona ngati dzina lili pakalatapo ndi la amene ikumufuna, ngati masiku ake sanathe, ndiponso ngati chidindo ndi cha mfumu yodziwika. Mafumu odindawa ndi makampani ndi mabungwe, ndipo foni imachoka ku fakitale itanyamula kale mndandanda wa zidindo zawo, zoposa 100. Chidindo chosema nokha pa mbatata sichilimo.

Ine ndinaphunzira izi mwamanyazi. Foni yanga itachokera kwa okonza pamsika, imelo ya kuntchito inakana kutseguka. Inkangobwereza kuti satifiketi ya seva ndi yosadalirika. Ndinaitana mwana wa mlongo wanga, amene pabanja pathu ndiye nduna ya zamakompyuta chifukwa anakonzapo rimoti ya TV. Sanathe nayo mphindi.

"Zatheka, amalume."

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndaiuza isiye mafunso."

Posankhira chitetezo panali mizere ingapo, ndipo iye anadina wolembedwa kuti "Accept all certificates", ndiko kuti landira kalata iliyonse, ya mfumu iliyonse, ngakhale ya pa mbatata ija. Kuli ngati kuuza mlonda kuti aliyense wogogoda usiku amutsegulire, bola akalowa akhome geti mwamphamvu. Chitetezo chilipo, inde: wakubayo sasokonezedwa ndi akuba anzake. Matenda enieni tinawapeza madzulo. Okonza aja atachotsa batire, kalendala ya foni inabwerera ku January 2015. Foniyo inkayang'ana satifiketi yoperekedwa posachedwa n'kumadabwa kuti munthu angayende bwanji ndi chitupa cha chaka chimene sichinafike. Mwa tonse atatu, iyo yokha ndi imene inkaganiza. Titakonza deti n'kuchotsa mankhwala a mphwangayo, imelo inalowa mosadandaula.

Pamalo omwewo pali timanambala timene anthu amangolemba moyerekeza, ngati a lotale. Amenewa ndi makomo a seva. Polandira imelo, khomo 993 limayamba ndi chinsinsi kuchokera pa moni weniweni. Khomo 143 limayamba poyera: foni imafunsa kaye mokweza kuti, "Kodi tinganong'one?" ndipo seva ikavomera m'pamene awiriwo amatsitsa mawu. Njira imeneyi amaitcha STARTTLS. Tsono kandimverere akakhala pakati amangoyankha yekha kuti, "Kuno sitinong'ona." Ngati foniyo inauzidwa kuti izibisa mawu pokhapokha pamene n'kotheka, imati chabwino, n'kuyamba kutchula pasiwedi yanu ngati kondakita akuitanira anthu a ku Limbe. Pulogalamu ikakupatsani danga losankha, sankhani kuti chinsinsi chikhale chokakamiza, kuti kukakanika kunong'ona, macheza athere pomwepo.

Wina anganene kuti awa ndi mantha a nkhalamba. Akafunse a jabber.ru, seva ya anthu a ku Russia yotumizirana mauthenga pa njira ya XMPP, imene makompyuta ake anali ku Germany. Mu October 2023 woyang'anira wake anaona chenjezo loti satifiketi yatha masiku. Anafufuza zake zonse n'kupeza kuti zili bwinobwino. Nanga yathayo ndi ya yani? Apa m'pamene anatulukira kuti wina wake anali atakhazikika pakati, pa khomo 5222, ndipo mauthenga a anthu ankadutsa m'manja mwake asanafike kumene akupita. Kandimverere ameneyu sanali wa sitandade 4. Anali ndi masatifiketi enieni, odindidwa ndi Let's Encrypt, oyamba mwa iwo a mu April chaka chomwecho, moti mafoni ankamulonjera mwaulemu. Koma masatifiketi amenewa ankatha pa masiku 90, ndipo kazitape wathuyo anasiya imodzi mpaka inatha. Pamenepa sindimuseka kwambiri, popeza inenso kutha kwa laisensi yanga ndinakudziwira pa rodibuloko. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti woyang'anira uja akanakhala ndi mphwake ngati wanga, chenjezolo silikanaoneka n'komwe, ndipo mlendoyo bwenzi akuwerengabe makalata pakhonde.

Nthawi zina chimabedwa ndi chidindo cha amfumu chenichenicho. Mu 2011 akuba analowa m'makompyuta a DigiNotar, kampani yodinda ya ku Netherlands, n'kudzidindira masatifiketi oposa 500. Ina inali m'dzina la Google, ndipo anaigwiritsa ntchito potchera khutu anthu pafupifupi 300,000 a ku Iran. Anagwidwa chifukwa pulogalamu ya Chrome inali itauzidwiratu kuti makalata a Google amadinda ndi mafumu ati, ndipo mfumu ya ku Netherlands sinali pamndandandawo. Mwezi wa September usanathe, kampaniyo inali itagwa.

N'chifukwa chake Signal ndi WhatsApp siziika mtima wonse pa seva. Kuyambira April 2016, WhatsApp imamanga uthenga pafoni panu ndipo umakamasulidwa pafoni ya mnzanuyo basi, seva n'kungokhala wonyamula mtolo. Komabe funso la agogo silinachoke: kiyi womangira uthenga amene foni yanu yapatsidwa ndi wa mnzanuyo zoona, kapena wa wina wapakati? Yankho lilipo, lobisika kumene sitifikako. Mukatsegula dzina la munthu n'kudina polembedwa za chinsinsi cha macheza, mupeza manambala 60 ndi kachithunzi ka QR. Mukawayerekeza ndi a pafoni ya mnzanuyo n'kupeza kuti ndi amodzimodzi, ndiye kuti palibe wakhala pakati panu. Ngakhale ku jabber.ru kuja, amene ankamanga mauthenga awo chotere anali otetezeka pokhapokha ngati anali atatsimikizirana makiyi.

Ndinati ndiyese kunyumba, Lamlungu titadya nsima.

"Amayi, tabwera nayoni foni yanu tiyerekeze manambala."

"Manambala a yani, abambo? Mwamva chiyani?"

Kufotokoza kuti sindikufuna kuona mauthenga awo, koma kutsimikiza kuti wina sakuwaona, kunanditengera nthawi yaitali kuposa ulaliki wa m'mawa uja. Anavomera pomaliza, koma anati foni yanga aigwire ndi iwo. Tinawerenga mosinthana, asanuasanu, ngati ana a sitandade 1. Onse 60 anafanana, ndipo ndinagona ngati munthu amene wamanga mpanda wa njerwa.

Lolemba m'mawa ndinawatumizira uthenga wa mawu wonena za ngongole imene sindinkafuna kuti alamu anga aimve. Unachoka womangidwa, unadutsa pansi pa nyanja womangidwa, unafika womangidwa. Mayi a kunyumba anautsegula ali mu minibasi, sipika ili pamwamba, alamuwo atakhala nawo mpando umodzi. Ndinamva kuti kondakita anapempha kuti aubwereze, chifukwa chiwerengero cha ndalamazo sanachimve bwino.