Mphenzi ikakuona litsiro

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro siikata. Ankanena za tsoka losamusiya munthu. Ine mwambiwu ndinaumvetsa bwino ku Namwera, pa nyumba yakale ya mzungu wa fodya komwe malume anga amalondera, ndipo litsiro lake linali lenileni, lobiriwira, lomata pa kopa.

Nyumbayo ndi ya makoma okhuthala, yokumbutsa masiku amene Mangochi ankatchedwa Fort Johnston. Pamwamba pa denga pali kachitsulo kosongoka, nzeru ya Benjamin Franklin ya m'zaka za m'ma 1750. Ntchito yake ndi kulandira mlendo: mphenzi ikafika, lamba wa kopa amaiperekeza kutsika khoma mpaka m'nthaka, osailola kulowa pabalaza.

Tsono lambayo ndinamutsatira ndi maso. Anatsika bwinobwino, n'kuthera m'malere, pofika mkono wa munthu wamtali. Gawo lam'munsi linapita kale kwa ogula zitsulo zakutha. Ndiye kuti nyumbayo imaitana mphenzi ndi ulemu wonse, kenako n'kuisiya pakhoma kuti idzionere yokha njira. Mlendo wotere sasochera. Amadzera mu waya wa TV.

"Malume, izi bwana akuzidziwa?"

"Iwe mphwanga, nyumba ino inatsirikidwa. Nsupa ili pangodya apo."

Sindinatsutse, poti ndinali ndisanadye. Koma amisiri a magetsi amati chaka chilichonse, mvula ya Novembala isanayambe, mfundo zonse za lambayo zipalidwe litsiro, zimangidwe, ndipo nthaka iyezedwe ndi mita. Amafuna osapitirira maohm 10. Kumchenga wa ku Nkopola ndi Cape Maclear nambalayo imavuta, chifukwa mchenga wouma sulandira magetsi. N'chifukwa chake ena amathira makala ndi mchere m'dzenje momwe lamba amathera, ngati akufuna kuotcha chambo. Mcherewo nawo umadya chitsulo mwakachetechete, ndiye dzenjelo limafunika kufukulidwa.

Pofuna kuona ngati kwina lamba amafika pansi, ndinapita kutauni ya Mangochi kukayang'ana nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ndinaima pamenepo khosi lili m'mwamba mpaka wakabaza wina anandifunsa ngati ndikudikira Yesu.

Nditabwerera ku Namwera kunja kunali kutada, bingu likugunda cha ku Chiponde. Ndinapeza malume atasamutsa mphasa yawo, akugona m'khola la nkhuku.

"Nanga nsupa ija, malume?"

"Inatsirikira nyumba. Ine sanandiwerengere."